Mchimwene wanga akuti hotela imene akulondera ku Pilgrim's Rest ili ndi mizukwa. Timuitanitse kapena apirire?

Mayi wa pa Luchenza:

Abale anga, ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa mtendere pakhomo, ndipo ndikufuna maganizo a anthu amene anayendako kapena amene amazidziwa zinthu zoterezi. Chonde, zoseka ayi.

Ine ndimagulitsa nyemba ndi nandolo pa msika wa Luchenza. Mchimwene wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, anapita ku Joni chaka chatha. Anayamba ndi maganyu osamalira maluwa ku Nelspruit, kenaka mnzake wina anamupezera ntchito ya ulonda pa hotela ina yaing'ono ku Pilgrim's Rest. Dzina la hotelayo sinditchula, mwana angachotsedwe ntchito chifukwa cha ine.

Kwa amene simukudziwako, Pilgrim's Rest ndi tauni yakale ya migodi ya golide, m'mapiri a ku Mpumalanga, kufupi ndi Graskop. Golide anapezeka kumeneko mu 1873, anthu nkukhamukirako ndi mafosholo. Migodi ikuluikulu itatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, tauniyo sanaigwetse, anaisiya momwe inalili kuti alendo azidzaona, ndipo mu 1986 boma la kumeneko linaiika m'gulu la malo otetezedwa. Zithunzi zimene amatitumizira zimaonetsa nyumba zamalata kuyambira denga mpaka makoma omwe, makonde a matabwa, ndi msewu umodzi wokhotakhota pakati pa mapiri. Masana ndi kokongola, sindikana.

Vuto ndi usiku. Iye amalowa ntchito dzuwa likalowa nkuweruka m'mawa. Ali ndi kanyumba ka mlonda pafupi ndi geti, ndipo amayenera kuzungulira mpanda, kuona ngati zitseko zili zokhoma, komanso kupititsa nkhuni m'zipinda za alendo chifukwa pano kukuzizira koopsa. Chiyambire mwezi wa Meyi wakhala akunditumizira mawu pa WhatsApp pakati pa usiku, akuyankhula monong'ona. Akuti alendo onse akagona, pakhonde la kumbuyo pamamveka mapazi a munthu wovala jombo, kuyenda pang'onopang'ono kuchoka kumapeto kuno kukafika kumapeto uko. Akaunika ndi tochi, palibe munthu. Pali chipinda china chakumapeto chimene chitseko chake amachipeza chotsekuka iye atachikoka yekha ndi manja ake. Tsiku lina anamva fungo la fodya wa m'kaliwo pamalo pamene panalibe wosuta. Paphiri la kuseri kwa hotelayo amaona timagetsi tikuyenda mondondozana, kenaka nkuzimirira ngati talowa pansi. Ndipo pafupifupi m'mawa uliwonse amaweruka mutu ukumuwawa, nseru, miyendo yolemera, ngati munthu amene wina wamukhalira pachifuwa usiku wonse.

Mwana ameneyu si wamantha. Wakulira m'mphepete mwa minda ya tiyi, amapita yekha kukatenga ufa kuchigayo mdima uli bii. Ndiye ndikamva mawu ake akunjenjemera, mtima wanga umapita kutali.

Chimene chandipweteka kwambiri nchakuti atawauza abwana ake, iwo anasekerera nkunena kuti zimenezo ndiye zimabweretsa alendo. Akuti pali anthu amene amachita kupempha chipinda chakumapetocho, nkulipira ndalama zambiri kuti agonemo, ena amabwera ndi timakina tojambulira mawu. Anamuuzanso kuti mlendo akamufunsa, aziyankha kuti inde, mumayenda mzimayi wachizungu wovala zoyera. Iye sanamuonepo mzimayi ameneyo. Kwathu kuno, zikamveka kuti wakuti akuyendayenda atamwalira kale, akuluakulu amakhala pansi nkufunsana kuti talakwa pati, sitinamuike bwino kapena pali ngongole imene sinabwezedwe. Si nkhani yoitanira anthu kuti adzalipire. Wakufa amene sakugona ndiye kuti akuvutika.

Tsono amayi athu alowetsapo nkhani ina. Mlongo wawo wamkulu, amalume athu, analembedwa ndi a Wenela, olemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ali mnyamata wosakwatira. Kalata inabwera imodzi chaka choyamba, basi. Sanabwerere, maliro sitinamve, mtembo sitinauone. Amayi akuti mapazi amenewo ndi a iwowo, amva kuti magazi awo afika m'dzikomo ndipo akufuna wowalondolera njira ya kwawo. Ndawauza kuti Joni ndi dziko lalikulu, amalume mwina anali kutali kwambiri ndi kumeneko, koma akungolira. Akuti mwana abwere msanga asanatengedwe nayenso.

Kunena zoona, ndalama imene amatumiza ndi imene ikugulira amayi mankhwala a BP, ndi imene tagulira feteleza chaka chino, ndiponso fizi ya mwana wa malemu achemwali athu. Akabwera, zonsezi ziima. Koma sindikufuna kudya ndalama ya mwana amene akufota. Ndiye ndithandizeni. Alipo amene anagwirapo ntchito m'nyumba zakale zotere? Zimenezi zimapha? Timuuze abwere kapena apirire?

Agogo a ku Thekerani (akulemba ndine mdzukulu wawo, mawu ndi awo):

Mwana wanga, nkhani yako andiwerengera ndipo ndamva chisoni, makamaka pa za amalume ako. Ine ndinapitako ku migodi. Tinkalembedwa ku Blantyre, pamalo pamene mpaka lero mumati pa Wenela, mukukwerapo mabasi osadziwa kuti pamenepo tinkavulidwa malaya nkupimidwa chifuwa. Ndege inkatitenga pa Chileka kukatitula ku Francistown, kuchoka apo sitima mpaka ku Johannesburg, pa depoti ya Mzilikazi, kumene ankatigawa kuti uyu apita mgodi wakuti, uyu wakuti. Ine anandiponya ku mgodi wina wa golide cha ku Carletonville, ndinali malayisha, wopakira miyala ndi fosholo.

Za kumva zinthu pansi, ndinamvapo. Ukatsika ndi kheji nkulowa m'kati, mwala umalira. Mitengo yochirikizira denga imachita kuti tswa, tswa. Anzathu ena ankati ndi amene anafera momwemo akugogoda, ndipo panali malo ena amene munthu sankafuna kudutsapo yekha. Koma achikulire amene anatiphunzitsa ntchito ankati ukamva kugogoda usayambe kufunsa kuti ndani, thawa, chifukwa denga likufuna kutsika. Amene ankamvera malangizo amenewo ndi amene tinabwerako.

Chimene ndikufuna umve ndi ichi. Mnzathu wina wa ku Chiradzulu, tinkagona naye chipinda chimodzi pa komponi, anapsinjidwa ndi mwala. Tinamuika kumanda a mgodi, ife anzake ochepa, mofulumira chifukwa shifiti inkatidikira. Panalibe mlongo wake, panalibe mwini mbumba, panalibe wolira mokweza. Pamanda pake anazikapo kachitsulo ka nambala. Kwawo kunapita uthenga kudzera kwa DC, ndi bokosi lake lachitsulo muli bulangete ndi nsapato. Amenewo ndiwo anali amwayi, chifukwa abale anamva. Ena ankathawa mgodi uno kupita wina, nkusintha dzina, ndiye akafa palibe wodziwa kolembera. Enanso anangokwatira konko nkukhala machona, manyazi obwera chimanjamanja. Amalume ako akhoza kukhala m'gulu lililonse mwa amenewa.

Ku Wankie, m'dziko la Rhodesia limene pano ndi Zimbabwe, mgodi wa malasha unaphulika pa 6 Juni 1972, anthu 427 anathera pansi, Amalawi ali momwemo. Ambiri sanatulutsidwe, mgodiwo anangoutseka ndi simenti anthu ali m'kati. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka pa Francistown, Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo ntchito itatha anafera pomwepo, katundu wa ana awo ali m'manja. Apo ndi pamene Kamuzu anati basi, anthu anga asapitenso, ndipo ife tinabwerera. Anadzatsegulanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, nkudzatsekeratu mu 1988.

Ndiye ndikamva kuti kumeneko akugulitsa nkhani ya mzimayi wachizungu wovala zoyera, ndimadzifunsa kuti nanga anthu akuda onse amene anathera m'maenje aja, bwanji iwo satchulidwa? Ngati pali oyenera kuyendayenda usiku m'matauni a migodi, ndi amenewo, amene sanalilidwe ndi abale awo.

Koma amayi ako uwauze mofatsa kuti malume sapweteka mwana wa mlongo wake. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, ndiwe womuteteza. Ngati alidi iwowo, sangamukhalire mwanayo pachifuwa. Chimene mungachite nchakuti muitane akuluakulu a banja, muphike chakudya, mutchule dzina lawo, muwalire monga mwa mwambo wanu kapena wa mpingo wanu. Zaka zonsezi amayi ako akhala ndi maliro osalira. Ndipo ngati kalata ija ikadalipo, muyang'anemo nambala yawo ya ntchito. A Theba ankasunga mabuku a munthu aliyense amene anamulemba, ndipo ndi nambala munthu amapezeka msanga kusiyana ndi dzina.

Mvano wa ku Chonde:

Achemwali, pepani ndi zimene mukudutsamo. Ine ndingoti mwanayo asavomere kunamiza alendo za mzimayi amene sanamuone. Bodza lotere ukalinena usiku uliwonse, mapeto ake umayamba kuliopa wekha. Akafunsidwa angoyankha kuti ine ndine mlonda, za mbiri ya nyumbayi funsani ku ofesi. Awerenge Salimo 91 asanayambe ntchito, ndipo afufuze Amalawi anzake amene amapemphera kufupi ndi kumeneko, asamakhale yekhayekha ndi maganizo. Amayi anu tikawakumbukira Lachinayi ku mvano. Musathamangire kwa asing'anga amene angakuuzeni kuti tumizani mbuzi ndi ndalama, nthawi ngati ino ndi imene amadyerapo.

Namwino wa ku Mulanje:

Mayi, za mizimu ndisiyira ena. Ine chandiimitsa mutu ndi chimodzi chimene mwachitchula mongodutsa: mutu kuwawa m'mawa uliwonse, nseru, miyendo kulemera, ndipo zinayamba mu Meyi, pamene kuzizira kunayamba. Muimbireni lero lomwe, musadikire mawa, mumufunse funso ili: kodi m'kanyumba ka mlondamo amaothera chiyani? Ngati ndi mbaula ya makala kapena chitini cha moto, ndipo amatseka chitseko ndi zenera kuti kutentha kusatuluke, ndiye kuti mwana wanuyo akupuma poizoni usiku uliwonse.

Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsamwitsa ngati utsi wa nkhuni, ndiye munthu sadziwa kuti akuupuma. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino. Zizindikiro zake ndi zomwe mwatchulazo: mutu, chizungulire, nseru, kufooka, chifuwa kuthina. Ukachuluka munthu amasokonezeka maganizo, amatha kumva kapena kuona zinthu zimene palibe, ndipo ukapitirira amangogona osadzukanso. Nyengo ya chisanu ino timawalandira anthu otere kuchipatala kuno, makamaka alonda ndi amayi amene alowetsa mbaula m'chipinda chogona kuti khanda lisazizidwe. Ena amafika mochedwa.

Chochita nchosavuta. Mbaula ikhale panja kapena pakhomo potseguka, iye avale majekete awiri, chipewa ndi masokosi okhuthala. Asagone kapena kuwodzera pafupi ndi makala m'chipinda chotseka, ngakhale makalawo ataoneka ngati azima. Mutu ukayamba, atuluke panja msanga. Ngati wakomokapo kapena akusanza, apite kuchipatala akanene kuti amaothera makala. Akachotsa mbaula mutu nkusasiya, apitebe akapimidwe, kungakhale kuthamanga kwa magazi poti kumtundu kwanu kulipo.

Kwinako, kumbukirani kuti nyumba ya malata ndi matabwa imene yatha zaka zoposa 100 siikhala chete usiku. Masana malata amafutukuka ndi dzuwa, usiku akazizira amabwerera, ndipo thabwa limodzi likalira limakoka linzake, phokoso nkumayenda pakhonde lonse motsatizana. Mafelemu a zitseko amapindika, loko osagwira bwino. Sindikunena kuti zonse zimene wamva ndi zimenezi. Ndikunena kuti pa zonse mwalembazi, chimene ndikuchidziwa kuti chingamuphe sabata ino ndi makala.

Wa pa Likhubula:

Achemwali, ine ndimaperekeza alendo m'phiri la Mulanje, ndinayamba ngati wonyamula zikwama ndili mnyamata. Nkhani yanu ya abwana amene akugulitsa mizukwa sinandidabwitse, chifukwa ngakhale kuno ilipo. Mlendo akangofika pa Likhubula, asanamange nkomwe zingwe za nsapato, funso loyamba ndi la mizimu ya pa Sapitwa. Ndipo ndimawamva anzanga ena akuwonjezera mchere kuti tipi ikule, nkumapeka zinthu zimene agogo athu sananenepo.

Zimene tinauzidwa ife ndi zochepa ndipo zili ndi mwambo wake. Anatiuza kuti phirili lili ndi eni ake. Ukapeza chakudya chokonzedwa bwino panjira, nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, idya wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, usatengeko kupita nacho kumudzi. Anatiuza kuti usamachite phokoso lachipongwe kumtunda, ndiponso kuti pa Dziwe la Nkhalamba akuluakulu ankathirapo nsembe mvula ikavuta. Ineyo chakudyacho sindinachipezepo, koma ndikafika malo ena ndimatsitsa mawu, ndipo alendo anga ndimawauza kuti atero nawonso. Ndimaona kuti kusiyana kwake ndi kumeneku: mizimu ya m'phiri muno ili ndi abale ake m'midzi yapansipa, anthu amene amaidziwa ndi kuilemekeza. Ya ku hotela ya mchimwene wanuyo akuitchula anthu amene sakuiopa nkomwe.

Za phokoso, ndagonamo m'nyumba za m'phiri, ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila, ku Chisepo. Zambiri ndi za matabwa a mkungudza, ndipo moto wa pachumuni ukazima, nyumba yonse imayamba kuyankhula. Mbewa zimathamanga kudenga, mphepo imakankha chitseko. Usiku wina ku Lichenya mlendo anandidzutsa akunjenjemera kuti wina akuyenda pakhonde. Tinatuluka ndi tochi limodzi ndi mlonda wa nyumbayo, tinapeza chidebe chopanda madzi chikugubuduzika ndi mphepo. Koma ndinaonanso alonda achikulire, anthu amene akhala m'phiri moyo wawo wonse, akukana kutuluka panja usiku wina wake popanda kufotokoza chifukwa, ndipo sindinawaseke.

Chimene chimatenga anthu m'phiri muno timachidziwa. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo chiperoni chikabwera, dzanja lako lomwe suliona. Mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha mu 2003, mpaka lero sanapezeke. Mnyamata wa ku Brazil mu 2009 anapitirira yekha kumtunda atasiya womuperekeza, anamupeza atamwalira patapita masabata. Anthu m'midzi ananena zambiri za mizimu, koma onse awiriwo anali okha pamalo posafunika kukhala wekha. Ndiye langizo langa kwa mchimwene wanu ndi lomwe ndimapereka kwa alendo: asamapite yekha kukaona chimene chikumveka mumdima. Apemphe kuti azilondera awiri, kapena akhale ndi nambala ya mlonda wa nyumba yoyandikana nayo.

Paja pa Lichenya pali miyala ya bauxite imene inapezeka kale nthawi ya atsamunda, ndipo nkhani yoti aikumbe imabwera nkupita. Ndikaona zithunzi za matauni a migodi amene anatha ngati limenelo, ndimathokoza kuti mpaka pano sanayambe, chifukwa madzi amene timamwa ife ndi a m'minda ya tiyi yonseyi amachokera kumeneko.

Mnyamata wa ku Bvumbwe, pano ndili ku Sabie:

Achemwali, ine ndili pafupi ndi kumene kuli mchimwene wanu, ndimagwira ntchito yocheka matabwa, ndipo ku Pilgrim's Rest ndimafikako. Timagetsi ta paphiri timeneto si mizukwa. Ndi anthu amene kuno amawatcha zama zama, okumba golide mozemba m'migodi yakale imene inasiyidwa. Amavala matochi pachipumi, amayenda usiku mondondozana, ndipo akamazimirira ndiye kuti alowadi pansi, m'mabowo akale. Mapiri onse ozungulira tauniyo ndi obowokabowoka. Ambiri mwa iwo ndi amphawi ngati ife tomwe, ofuna chakudya cha ana, ndipo ena amafera momwemo dothi likagumuka. Koma magulu ena amayenda ndi mfuti ndipo safuna kuonedwa. Mumuuze mwamphamvu: asawaunike ndi tochi, asawajambule pa foni, asawatsatire, ndipo wina akamuitana kuti tiye ukapeze ndalama yachangu, akane. Mapazi a jombo pakhonde akhozanso kukhala a munthu wamoyo amene akudutsa kufuna madzi kapena kuona ngati pali chotola. Zimenezo akauze abwana ake kuti aike getsi kumbuyoko.

Za kugulitsa mizukwa, ndi bizinesi ya tauni yonse, chifukwa migodi itatsekedwa chimene chinatsala ndi alendo. Pali nyumba yaikulu yotchedwa Alanglade, imene inamangidwa mu 1915 kuti azikhalamo mkulu wa migodi, pano ndi yosungiramo zinthu zakale, ndipo nkhani za mizukwa zimanenedwa kwambiri za imeneyo. Kumanda akale a paphiri kuli manda amodzi amene amawatcha Robber's Grave, a munthu amene akuti anagwidwa akuba m'matenti a anzake. Manda ena onse analoza kum'mawa ndi kumadzulo, ake okha anawagoneka mopingasa, kumpoto ndi kummwera, kuti aliyense adziwe kuti anali wakuba. Alendo amajambulitsa pamenepo. Ndinayendamo m'mandamo ndikuwerenga miyala, mayina ambiri ndi a azungu ochokera kutali, ena anafa ali anyamata ndi malungo kapena ngozi. Zimene anena agogo a ku Thekerani ndi zoona, za anthu akuda amene ankagwira fosholo simumva zambiri pamene alendo akufotokozeredwa.

Kuzizira kwake nkoona, mu Juni ndi Julayi udzu umachita kuyera ndi chisanu m'mawa, ndipo alonda ambiri kuno amaothera zitini za makala. Anamwino anena zoona. Ngati mukufuna, ndilembereni kumbali, Loweruka likubwerali ndikhoza kukwera takisi nkukamuona, ndimutengere jekete lina. Kuno tilipo Amalawi angapo, timakumana Lamulungu.

Mayi wa pa Luchenza:

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndawerenga mobwereza, ndipo zina ndawawerengera amayi.

Anamwino, nditangoona uthenga wanu ndinasiya malonda ndi mnzanga nkukaimba. Ndi zoona. Ali ndi chitini cha penti chimene anachiboola m'mbali, amadzazamo makala otsala m'zipinda za alendo, nkutseka chitseko, mpata wa pansi nkutsekanso ndi katoni. Zenera la kanyumbako akuti silitseguka nkomwe, linamatidwa ndi penti. Ndinamukalipira ngati mwana wamng'ono, misozi ikutuluka. Usiku wathawu chitinicho anachisiya panja pa khomo ndipo m'mawa uno akuti mutu unali wopepukirako, ngakhale anazizidwa kwambiri. Ndamuuza kuti mwezi uno asatumize ndalama yonse, agule jekete lokhuthala ndi magolovesi. Achimwene a ku Sabie, ndakulemberani kumbali, mukamuonedi chonde, ndipo mukamubwerezere za timagetsito pamaso, chifukwa anandiuza kuti tsiku lina anafuna kukwera phirilo masana kuti akaone pamene timalowera.

Mapazi aja akuti anawamvanso. Sindinamutsutse, ndipo sindikufuna kumuuza kuti ndi malata basi, chifukwa amene ali kumeneko usiku ndi iyeyo, ine ndili pa Luchenza. Tagwirizana kuti apirire mpaka chisanu chithe, akapemphe getsi la kumbuyo, ndipo za mzimayi wovala zoyera asiye kuwauza alendo. Akaona kuti mtima wake sukukhazikikabe, abwere, nandolo tidzagulitsa limodzi. Sindimukakamiza kukhala pamalo pamene akuopa chifukwa cha feteleza.

Agogo a ku Thekerani, mawu anu aja akuti malume sapweteka mwana wa mlongo wake ndi amene awakhazika mtima pansi amayi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anayamba kutiuza za mlongo wawoyo zinthu zimene sitinazimvepo: kuti ankaimba bwino, kuti anapita ku Joni kuti adzagule njinga ndi makina osokera a amayi awo, kuti tsiku lonyamuka anawasiyira mpeni wake wosemera mipini. Ife tinkangodziwa kuti kunali amalume amene anasowa. Atuma kale uthenga kwa akuluakulu a banja ku Thunga kuti tikhale pansi tikakolola nandolo, tikonze mwambo wowalira, ndipo abusa avomera kudzakhalapo.

Kalata ija ilipo. Inali m'Buku Lopatulika la malemu agogo, yapindidwa mpaka kung'ambika m'mizere. Inalembedwa ndi pensulo, mawu ambiri afufutika, koma chidindo cha pa envelopu chikuwerengeka kuti Welkom, ndipo pamwamba pa kalatayo pali manambala amene tikuganiza kuti ndi a ntchito. Mwana wa achemwali wayang'ana pa mapu a pa foni, akuti Welkom ili ku Free State, kutali kwambiri ndi kumene kuli mchimwene wanga.

Tsono funso langa latsopano ndi ili, kwa aliyense amene anayesapo kufufuza m'bale wake amene anapita ndi Wenela kapena Theba: tiyambire kuti? Ku ofesi ya zantchito pa boma ku Thyolo, kapena tipite ku Blantyre? Nanga amafuna tinyamule chiyani kupatula kalatayi ndi chiphaso cha amayi? Amayi akuti ngakhale atangouzidwa dzina la manda ndi chaka, ziwakwanira.